Maliro a a Sipiliyano Akali Moyo

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanafikeko kuli dziko lotchedwa Pepani, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Tilinanu. Kumeneko munthu amayamba kuwerengedwa tsiku limene wasiya kupuma. Ukadwala, abale amakutumizira moni kudzera mwa anthu odutsa. Ukatsirizika, amabwera pa malole atatu, kwaya itakhala pamwamba pa matumba a ufa.

Mfumu ya dzikolo, Kalirani Wachitatu, imene pa wailesi ankaitchula kuti Mpukutamisozi, inali ya mtima wofewa zedi. Panalibe maliro a munthu wooneka amene inkawaphonya. Inali ndi nduna zambiri, koma yonenepa udindo kuposa zonse inali Nduna ya Maliro ndi Zikondwerero Zina. Nduna ya Ukalamba nayo inalipo, tisainamizire mfumu, kungoti inapita kunja kukaphunzira mmene anthu a kumeneko amakalambira, ndipo chinali chaka chachinayi isanabwerere.

Kumunsi kwa mzindawo, ku Piriranazo, kumene madzi onse a mvula amakathera ulendo wawo, kunkakhala mayi wina dzina lake Dolifa. Ankagulitsa kaunjika mumsika wa Ndingatani, ndipo m'nyumba yake ya zipinda ziwiri ankasunga amalume ake, a Sipiliyano Kadammanja. Bambo amenewa ndiwo analera Dolifa ndi mchimwene wake Binwelo, mayi awo atamwalira. Awoawo ana analibe. Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anagwira ntchito imodzi yokha, yonyamula ambulera ya mfumu, kuyambira pa bambo ake a Kalirani mpaka pa Kalirani mwini wake. Popuma ntchito anawapatsa wotchi ya pakhoma yokhala ndi nkhope ya mfumu, koma mabatire anawauza kuti akagule okha.

Chaka chapitacho matenda anawagwetsa akumeta ndevu pakhonde. Mbali ya kumanzere inafa, lilime linalemera, mawu ankatuluka amodziamodzi ngati madzi a pampopi wa ku Piriranazo. Koma chizolowezi sichifa ziwalo. Akangomva kulira kwa galimoto za mfumu pamsewu wa kumtunda, a Sipiliyano ankadzuka kuti aime chilili monga anachitira moyo wawo wonse. Tsono mfumu yokonda maliro imadutsa kanayi pa tsiku. Anagwa kangapo, ndipo tsiku lina anagwera pambaula n'kupsa ntchafu.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse, akawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, Dolifa ankawakhazika pampando n'kuwamangirira ndi chitenje m'chiuno, mfundo ili kumbuyo kumene dzanja lamoyo silingafike. Kenako ankakiya chitseko n'kuthamangira kumsika, chifukwa belo la kaunjika silidikira munthu. Ukachedwa umapeza anzako asankha kale, iwe n'kutsala ndi masokosi osiyana mitundu. Kuchapa zofunda zonyowa sikunkamupweteka Dolifa. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti a Sipiliyano anazolowera. Akaona chitenje, ankakweza okha mkono kuti chidutse bwino. Munthu amene anamuberekapo kumsana popita naye kuchipatala, lero akumangidwa ngati mbuzi, akuthandizanso womumangayo. Dolifa ankalira njira yonse ya kumsika n'kukapukuta kumaso pageti.

Ndiye mungamvetse chifukwa chake tsiku lina anavala nsalu yake ya kutchalitchi n'kupita ku Nyumba ya Tsamirani. Nyumba imeneyi, yosungirako okalamba, inamangidwa ndi msonkho wa anthu onse, ndipo itatha mfumu inaipereka kwa mlamu wake kuti aziiyendetsa, poopa kuti boma lingatope. Kunja kunali maluwa, m'kati matailosi owala, pakhoma chithunzi cha nkhalamba ikuseka ndi mano onse.

A Metironi, mkulu wa anamwino, anamulandira osadzutsa mutu.

"Muli ndi mwayi, mayi. Bedi nambala 14 yatsala yopanda munthu dzulo lomweli."

"Mwini wake watuluka?"

"Onse amatuluka," anatero a Metironi. "Tsono mitengo yake ndi iyi."

Anamuwerengera. Panali ndalama yolembetsera dzina, ndalama ya bedi, ndi ina ya miyendo ya bedi. Bedi 14 inali pafupi ndi windo, choncho panali ndalama ya mphepo. Panalinso kandalama ka chitukuko, kamene a Metironi anati asafunse chifukwa nawonso sakadziwa. Zonse pamodzi, chaka choyamba, makobidi zikwi mazana asanu ndi atatu, kulipiriratu.

Dolifa anagwira pakamwa. Chiyambire geni yake, ndalama yoteroyo anali asanaigwirepo, ngakhale ya munthu wina.

"Tikusungirani mpaka tsiku lomaliza la mwezi uno," anatero a Metironi. "Kupitirira apo musadzatinene. Pali anthu pamzere. Apepani akukalamba kwambiri masiku ano."

Mutu umodzi susenza denga. Dolifa anakwera minibasi kupita ku Kwezekani, kumtunda kwa mzinda, kwa mchimwene wake. A Binwelo anali ndi sitolo ya matayala, komanso ndiwo anali msungichuma wa thumba la maliro la banja lonse. Mwezi uliwonse aliyense wa mbumba ya Kadammanja ankaponyamo kangachepe, Dolifa yemwe, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi panalibe amene anamwalira. Thumbalo linali litafufuma.

"Chemwali, ukundidabwitsa," anatero a Binwelo atamva nkhaniyo. "Ndalama imene ija ndi ya maliro. Ukufuna tiidye amalume ali maso? Nanga akatisiya tidzawakulunga mumphasa? Anthu adzati chiyani?"

"Achimwene, nanga panopa anthu akuti chiyani? Ndikuwamanga pampando."

"Zimenezo n'za m'nyumba, palibe akuona. Maliro amaona aliyense." Anapsontha tiyi wawo. "Komanso kukataya kholo ku nyumba ya okalamba, si chikhalidwe chathu chimenecho. Ife timasunga makolo athu pakhomo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

"Ndiye atengeni inuyo, ngakhale sabata imodzi yokha, azikuzimirani moto konkuno."

A Binwelo anayang'ana pansi mwachisoni. "Ndikadakonda, chemwali, Mulungu akudziwa. Koma taona matailosiwa. Angaterereke."

Anamupatsa ya minibasi yobwerera, ndi moni wambiri wopita kwa amalume.

M'mawa mwake Dolifa anafotokozera Nangondo, mnzake wogulitsa nsapato pa benchi yoyandikana ndi yake.

"Iwe, achimwene akowo sakulakwa ayi," anatero Nangondo akupukuta nsapato. "Kuno kudwala n'kusowetsa anthu mtendere. Amayi anga anagona miyezi isanu ndi itatu, sopo ndinkagula ndekha. Tsiku lomwe anamwalira kunabwera shuga wokwana kutsegula golosale. Ndinangoti, amayi inu, mukanayamba n'kufa kenako n'kudwala, bwenzi mutamwako tiyi wotsekemera."

A mabenchi oyandikana anaseka, kuseka kwa anthu oti aliyense ali ndi nkhani yake yofanana.

"Koma pita ku nyumba ya mfumu Lachitatu, tsiku la madandaulo," anapitiriza Nangondo. "Amalume akowo anapsa ndi dzuwa zaka zonse zija kuti mfumu isapse. Mwina ingakumbuke. Nkhumba yomwe imakumbuka amene amaipatsa madeya."

Lachitatu Dolifa anamanga amalume ake mofulumira kuposa masiku onse n'kukakhala pamzere. Analowa m'bwalo dzuwa lili paliwombo, n'kupeza khonsolo ili pa nkhani yaikulu imene inali itasowetsa mtendere dziko lonse la m'chipindamo. Nduna ya Maliro, bambo wa mimba yotsogola dzina lawo a Chimkwezule, inali chilili.

"Mpukutamisozi, vuto ndi anthu anuwa. Akufa mwachisawawa. Sakudziwitsa ofesi, sakuyang'ana kalendala. Loweruka lapitali kunagwa maliro awiri akuluakulu nthawi imodzi, ena kumpoto ena kumwera, ndipo mawu amene tinakulemberani a kumwera aja anangowonongeka. Lolemba ndi Lachiwiri, zii, palibe anafa. Matenti anangokhala. Dziko silingatukuke chonchi."

Nduna zonse zinang'ung'udza movomereza. Ina inati pakhale chindapusa kwa aliyense womwalira asanapemphe chilolezo. Ina inafunsa kuti tsono adzalipira ndani, ndipo anagwirizana zosankha komiti yoti ikaganizire funso limeneli kumalo ena ozizira bwino kwa masabata awiri.

Atamuitana, Dolifa anagwada, nawomba m'manja, n'kufotokoza zonse: ambulera, matenda, mbaula, chitenje, bedi 14.

Mfumu inatulutsa kansalu koyera n'kukhudza m'maso. "Wantchito wokhulupirika! Nduna, tili ndi chiyani cha munthu wotereyu?"

"Zambiri, Mpukutamisozi. Zaka makumi anayi ndi chimodzi, ameneyo ali m'gulu lachiwiri la Thumba la Ulemu Womaliza. Bokosi la zogwirira zagolide, ng'ombe ziwiri, matenti atatu, asilikali owombera mfuti m'mwamba, ndi chipepeso cha zikwi mazana asanu chochokera m'dzanja lanu." A Chimkwezule anatembenukira kwa Dolifa, cholembera chili m'manja. "Mayi, amwalira liti?"

"Sanamwalire, bwana. Ali moyo."

"Ooo." Nduna inatseka buku lake. "Pepani kwambiri. Mudzabwere zikatheka."

Ulemu uli ndi pothera, ndipo wa Dolifa unathera pamenepo. Anaiwala kuti ali pamaso pa yani.

"Ndiye ngati ndalama zanu zimatuluka pamaliro pokha, bwerani muwalire panopa akali moyo! Mudzalire, mudye ng'ombe zanuzo, mundipatse chipepesocho ndikawalipirire bedi!"

Msilikali wa pakhomo anayamba kuyandikira. Dolifa anakumbukira chitseko chokiya ku Piriranazo ndi mfundo ija. Akamutsekera m'chitolokosi, amalume ake adzawamasula ndani?

Koma a Chimkwezule anali atayasama ngati munthu amene watola chikwama panjira. "Maliro opangana tsiku," ananong'ona. "Olembetsa. Osawombana."

Mfumu inaimirira. "Nduna zanga, kwa nthawi yaitali ndakhala ndikusinkhasinkha chinthu china," inatero, n'kunena mawu a Dolifa omwe aja, kungochotsapo ukali. Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhato kutentha. Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inalengeza Lamulo la Maliro a Patsogolo, nzeru zakuya za Mpukutamisozi. Nkhalamba iliyonse inali ndi ufulu woliridwa ikali moyo, pa tsiku logwirizana ndi kalendala ya mfumu, ndipo oyamba kulandira ulemu umenewu anali a Sipiliyano Kadammanja. Ndime yomaliza woulutsa mawu anaiwerenga mothamanga: munthu saliridwa kawiri. Amene waliridwa kale, tsiku lake lenileni likadzafika, adzaikidwe mwakachetechete ndi amene ali naye pafupi, osasokoneza ntchito za chitukuko.

Dolifa ndime imeneyo anaimva bwino lomwe. Anagwada pafupi ndi mpando wa amalume ake n'kuwauza zonse, osabisa kanthu, ndipo yomalizayo anaibwereza kawiri. Mumtima ankafuna kuti akane, amutukwane kumene, kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Ankachita manyazi, pakuti ankadziwa kuti akugulitsa chinthu chokhacho chimene Mpepani aliyense amakhala nacho chotsimikizika.

A Sipiliyano anadzutsa mutu.

"Mfumu... ibwera?"

"Ibwera, amalume."

"Binwelo?"

"Abwera."

"Ndiye... usite jekete."

Ku Ndingatani lamulolo analilandira monga amalandirira malamulo onse, ndi manja awiri ndi pakamwa pokhota. Wogulitsa mipango anakweza mtengo tsiku lomwelo. Mayi wina wa tomato anafunsa ngati angalembetse mwamuna wake, ngakhale anali ndi zaka makumi anayi okha, popeza pakhomo anasiya kale kuoneka. Nkhalamba ina yosoka maambulera inati iyo idikira kaye, ione ngati oyambawo abwereko bwino.

Maliro a a Sipiliyano anachitika Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo ku Piriranazo sikunaonekepo maliro okoma chotero. Msewu umene unakumbika kwa zaka khumi anaukwirira tsiku limodzi. A Binwelo anamasula thumba la banja atangomva mawu oti maliro, n'kugula nsalu yofanana ya mbumba yonse, yodindidwa nkhope ya amalume ali mnyamata. Malole anabwera anayi. Panali kukangana pang'ono pa za pokhala mwini maliro. A Chimkwezule ankafuna kuti agone m'bokosi kuti zithunzi zioneke bwino, koma Dolifa anakana kwamtuwagalu, choncho anawakhazika pampando pambali pa bokosilo, atavala jekete yawo.

Amayi anayamba kulira m'siwa monga mwa mwambo. Poyamba zinkavuta, chifukwa malemu ankawayang'ana pakhomo, koma atazolowera anakweza mawu mpaka agalu a ku Kwezekani anayankha. Wolira kuposa onse anali a Binwelo. Anagubuduzika pansi, suti yonse fumbi lokhalokha, akufuula, "Amalume, mwatisiyira yani? Bwanji simunanene kuti mukudwala?" Anthu anayi anachita kuwagwira.

Mfumu inalankhula maola awiri. Inanena za milatho imene idzamange, za adani a chitukuko, za mmene inaganizira lamulo latsopanoli ili yokhayokha m'chipinda. Chakumapeto inakumbukira malemu, n'kuwatchula kuti a Sipiliyasi Kadamnjira, munthu amene ambulera yake inali denga la fuko lonse. Asilikali anawombera m'mwamba, nkhuku za anthu n'kubalalika.

Koma Dolifa sankayang'ana mfumu. Ankayang'ana amalume ake. Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda, ndipo posowa chosuzumira m'bokosi, ankagwira dzanja la a Sipiliyano. Kunabwera anzawo a ku nyumba ya mfumu amene anasiyana nawo kalekale, zidzukulu zimene zinkangowamva dzina, ndi mayi wina wa imvi amene anawagwira dzanja nthawi yaitali kuposa onse. Nkhope ya a Sipiliyano, mbali yamoyo ija, inkaseka. Anadya mpunga ndi nyama ya pa maliro awo omwe, napempha ina. Chigwereni matenda, Dolifa anali asanawaonepo akudya chotero.

Anthu atabalalika kunatsala nkhani ya ndalama. Envelopu ya mfumu, imene pa chimkuzamawu inali ya zikwi mazana asanu, inafika kwa Dolifa itaonda. Inadutsa m'manja mwa anthu aulemu ambiri, ndipo munatsala mazana atatu. Thumba la banja linathera nsalu ndi malole. Chimene chinapulumutsa zinthu ndi mbale ya chipepeso, chifukwa mayina a opereka ankawatchula pagulu, ndipo Mpepani sangalole kuti mnzake amupose anthu akumva. Zotsalazo Dolifa anakwaniritsa pogulitsa bokosi lija kwa kalipentala wa pamsika, pa theka la mtengo wake. Wotsatsa anali Nangondo.

"Silinagonemo munthu, bambo," anatero. "Ndi la m'pepala ili, osati kaunjika."

Lolemba, tsiku lomaliza la mwezi, Dolifa anachita hayala galimoto n'kupita nawo amalume ku Tsamirani. A Metironi anawerenga ndalama kawiri, anadinda risiti, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. A Sipiliyano anawagoneka pa bedi 14, mphepo yolipira ija ikulowa pawindo. Dolifa anapuma mpweya wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anawakonzera pilo, nawalonjeza kuti azibwera Lamulungu lililonse, n'kunyamula kachikwama kake.

"Mayi, mukupita kuti?" anafunsa a Metironi.

"Kunyumba. Mawa m'mawa atsegula belo latsopano."

"Nanga gadiyani ndi ndani?"

"Gadiyani wa chiyani?"

A Metironi anamuyang'ana ngati wafunsa kumene mvula imachokera. "Inu, munamuonapo kuti wodwala wopanda gadiyani m'dziko muno? Awasambitsa ndani? Awaphikira ndani? Nanga kuwatembenuza, kuchapa?"

"Si anamwino?"

"Anamwino athu ndi ophunzira kwambiri, mayi, sangagwire zimenezo. Ntchito yawo n'kuyang'anira magadiyani."

"Ndiye ndalama zonse zija n'zachiyani?"

"N'za bedi. Simukuiona bediyo?" A Metironi anaigogoda ndi cholembera kuti imveke kuti ndi yachitsulo. "Mphasa yanu muziyala pansi pakepo. Pansipo sitilipiritsa, ndi mphatso ya Mpukutamisozi."

Dolifa anafunsa ngati angamubwezere ndalama zake kuti atenge amalume ake azipita. A Metironi anamulozera mawu aang'ono kunsi kwa risiti, onena kuti ndalama ikalowa sibwerera. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, ndipo pamenepa sitingamuikire kumbuyo Dolifa. Kuyambira ali mwana ankadziwa kuti ku Pepani kuchipatala amapita awiri, wodwala ndi womudwazika wokagona pansi pa bedi. Chimene chinamupusitsa ndi matailosi aja.

Kuseri kwa nyumbayo, kumene alendo safika, kunali chisakasa cha malata chakuda ndi utsi. M'menemo munali amayi oposa makumi atatu, aliyense ndi mafuwa ake. Wina anali mphunzitsi, wina telala, wina anagulitsa munda wa makolo kuti apeze ya bedi. Anasunthana kuti amupatse malo.

"Takulandirani, mayi," anatero wina akukoleza moto. "Nanunso munabwera kuti mupumeko?"

Onse anaseka. Dolifa anaseka nawo, pakuti akanapanda kuseka akanagenda wina ndi fuwa.

Chitenje chomangira chija sichinafunikenso, popeza galimoto za mfumu zikalira Dolifa ankakhala ali pomwepo kuwagwira paphewa. Benchi yake ya ku Ndingatani Nangondo anaisunga masabata awiri, kenako akuluakulu a msika anaipereka kwa wina. Lamulo la Maliro a Patsogolo linayenda bwino kwambiri moti kalendala ya mfumu inadzaza mpaka chaka chamawa, ndipo a Chimkwezule analandira mendulo.

Lamulungu linali tsiku la alendo. Sabata yoyamba a Sipiliyano anapempha kuti awaveke bwino, ndipo Dolifa anawakhazika pakhonde moyang'ana kugeti. Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu Dolifa anapita kuseri kwa chisakasa n'kuimbira foni mchimwene wake.

"Chemwali, ife tinalira kale," anatero a Binwelo. "Tinameta, tinasesa, nsalu tinavala. Ukufuna tizikacheza ndi munthu woti tinamulira? Si mwambo umenewo, tingadziputire minyama. Iweyo ungolimba mtima, Mulungu akuona."

Dolifa anabwerera pakhonde. Dzuwa linali litapendeka, ndipo alendo ochepa amene anadzaona anthu ena anali akutuluka. A Sipiliyano anali chikhalire, maso pageti, dzanja lamoyo lili pabondo, lotambasuka, lokonzeka kupereka moni.

"Akuti bwanji... Binwelo?"

"Atanganidwa, amalume. Akupereka moni."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu womvetsa kuti anthu ali ndi zochita.

"Dolifa."

"Wawa, amalume."

"Tsiku lija... anthu anali ambiri."

"Anali ambiri."

"Anandigwira dzanja... onse." Anameza malovu, akulimbana ndi lilime. "Ukapeza kandalama... tidzachitenso ena. Ngakhale aang'ono."

Dolifa anayang'ana kugeti, kumene mlonda anali akukoka unyolo. Kenako anagwada, nalandira dzanja lija ndi manja ake awiri.

"Tidzachita, amalume," anatero.